Ulendo wa pa sitima yaikulu kwa ife a ku Tete: mafunso ndi mayankho pa za gorjeta ndi kagulidwe ka tikiti

Chibwerereni ku Durban foni yanga sinapume. Alamu anga a ku Moatize, aphunzitsi anzanga a ku Ulongwe, ngakhale amalume a ku Domwe amene Zambezi anangomuwoloka kawiri moyo wawo wonse, onse akufunsa za sitima zapanyanja zija zimaoneka pa Facebook, zazitali kuposa nyumba iliyonse ya mu mzinda wa Tete, zokhala ndi damu losambiramo padenga. Pa Chipwitikizi timati cruzeiro. Mafunso amakhala omwewomwewo, ndiye ndati ndiwayankhe pamodzi. Aliyense amayamba ndi mtengo wa tikiti, koma kumene ndinaona anthu akupsa mtima ndi pa gorjeta, ndalama yothokozera antchito ija, choncho pamenepo ndichedwapo.

Kodi sitimazi munthu amakwerera kuti? Ku Beira kapena ku Maputo?

Maulendo amene ife tingawafikire amanyamukira ku Durban, ena ku Cape Town. Kampani imene yagwira msika umenewu kwa zaka zambiri ndi MSC Cruises. Imabweretsa sitima kuchokera ku Ulaya kukayamba kuzizira kumeneko, cha mu Novembala, n'kuibweza cha mu Malichi kapena Epulo. Ku Durban mumakwerera pa doko la alendo lotchedwa dzina la Nelson Mandela, limene linayamba kugwira ntchito mu 2021.

Tsono ikanyamuka imalowera kuti? Kwathu konkuno ku Mozambique. Ulendo wogona masiku atatu nthawi zambiri umapita ku Ilha dos Portugueses, kachilumba ka mchenga pafupi ndi Inhaca, pakhomo pa gombe la Maputo. Wogona masiku anayi umafika ku Pomene, m'boma la Massinga ku Inhambane. Ndiye kuti munthu wa ku Angónia amadutsa dziko lake lonse, kudinditsa pasipoti, kulowa Joni, kuti sitima imubweze kudzaona nyanja ya kwawo. Amalume ataimva imeneyi anaseka mpaka kutsokomola. Alipo maulendo ataliatali opita ku Mauritius ndi Réunion, makamaka nyengo ya Khirisimasi ndi chaka chatsopano, ndipo ochokera ku Cape Town amakonda kupita ku Walvis Bay ku Namibia. Sitima zimene mumaziona zitaima pa doko la Maputo kawirikawiri zimakhala zangobweretsa alendo kudzacheza tsiku limodzi, osati kudzatenga anthu atsopano.

Mtengo umene ndauona pa chithunzi ndi wonse?

Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Nambala yaikulu ija imakhala ya munthu mmodzi, m'chipinda chotsika mtengo kwambiri, ndipo amawerengera kuti mugona awiri. Mukafuna kugona nokha mulipira pafupifupi mtengo wa anthu awiri. Pamwamba pake pamabwera ndalama za doko, inshuwalansi ndi gorjeta. Otsatsa ena amaziphatikiza kale, ena amazilemba pansi ndi zilembo zofunika magalasi.

M'tikitimo muli malo ogona, chakudya cha ku buffet ndi cha m'lesitilanti yaikulu, zisudzo ndi magule a usiku, damu losambiramo ndi malo osewerera ana. Mowa, zakumwa za m'botolo, intaneti, zithunzi zimene amakujambulani, kuchapitsa zovala, dokotala ndi maulendo oonera malo kumtunda, zonsezi ndi za m'thumba mwanu.

Kwa ife pali ndalama ina imene anthu a ku Durban saiganizira, ya kufika kumeneko. Kuchokera ku Tete kukafika ku Maputo pa msewu ndi makilomita oposa 1,500, kudzera ku Chimoio ndi Inchope, kenako msewu wa EN1 wonse ndi maenje ake. Kuchokera ku Ulongwe onjezanipo ena oposa 200. Pa ndege mumanyamukira ku Chingodzi, kupita ku Maputo kapena ku Johannesburg, n'kulumikiza ina. Ndinawerengera zanga zonse nditabwerako: mayendedwe ndi malo ogona panjira zinaposa tikiti ya sitima.

Nanga gorjeta ya pa sitima imayenda bwanji? Ndi zingati?

Kuno kwathu gorjeta, imene ena amati tipi, ndi ya mtima wako. Wadya bwino nkhuku pa lesitilanti ya m'mbali mwa Zambezi, chenji chatsala mametikali 30, umati mwanawe sunga. Ukapanda kusiya palibe amene akuthamangire. Pa sitima si choncho. Makampani ambiri akuluakulu amadula okha ndalama yoikika, pa munthu aliyense, usiku uliwonse, kaya mwadya m'lesitilanti kaya mwagona ndi njala chifukwa cha chizungulire. Pa pepala imalembedwa kuti service charge kapena gratuities, ndipo MSC imaitcha Hotel Service Charge.

Kuchuluka kwake kumasiyana ndi kampani, dera ndi mtundu wa chipinda, komanso imakwera zaka zikamapita. Makampani a ku America monga Carnival, Royal Caribbean ndi Norwegian zaka zapitazi akhala akudula pakati pa madola 16 ndi 20 pa munthu pa tsiku m'zipinda wamba. Tiyeni tiwerengere: bambo ndi mayi, masiku 7, pa madola 18, ndi madola 252. Pa mtengo wa ku banki wa pafupifupi mametikali 64 pa dola, ndi mametikali oposa 16,000, musanamwe ngakhale Fanta mmodzi. Munthu amene sanauzidwe, akaiona nambala imeneyi usiku wotsiriza, miyendo imazizira.

Pa maulendo a ku Durban kawirikawiri ndalamayi imalipiriratu pogula tikiti, pamodzi ndi za doko ndi inshuwalansi, m'gulu la ndalama zokakamiza. Zimenezi n'zabwino kwa ife, chifukwa umakwera utadziwa kale. Komabe musangokhulupirira pakamwa pa wogulitsa. Muuzeni akuonetseni mzere umene palembedwa kuti yalipidwa. Ana aang'ono kwambiri pa makampani ambiri salipira, ndipo pa MSC ana okulirapo amalipira theka.

Alipo makampani amene sadula chilichonse padera. P&O Cruises ya ku Britain inasiya mu 2019, ndipo makampani a anthu olemera monga Silversea ndi Seabourn amati zonse zili m'tikiti. Sikuti antchito awo salipidwa. Ndalamayo anangoilowetsa mumtengo.

Kodi imeneyi si refresco yomwe ija tinatopa nayo pa msewu?

Funso ili linachokera kwa alamu anga, amene amayendetsa galimoto pakati pa Zóbuè ndi Cuchamano, ndipo ndikumvetsa chimene anafunsira. Tinazolowera kuti munthu akatambasula dzanja pa ntchito imene amalandirira kale malipiro, ndiye kuti ndi katangale. Refresco umaipereka kuti munthu aphwanye lamulo, kapena kuti akuchitire chimene anayenera kuchita kwaulere. Gorjeta ya pa sitima imalembedwa poyera, ili ndi lisiti, ndipo kwenikweni ndi mbali ya malipiro a anthu ogwira ntchito.

Ndifotokoze. Okonza zipinda ndi operekera zakudya ambiri amachokera ku Philippines, Indonesia, India, Madagascar, Mauritius ndi South Africa. Amasaina kontrakiti ya miyezi 6 mpaka 9, ndipo nthawi yonseyo amagwira tsiku lililonse, palibe Lamulungu. Pangano la dziko lonse lapansi la ogwira ntchito panyanja, Maritime Labour Convention la 2006, limangoti apume maola osachepera 10 pa maola 24 alionse, ndi 77 pa mlungu. Werengerani nokha maola otsalawo. Malipiro ochepetsetsa amene bungwe loona za ntchito pa dziko lonse lapansi la ILO linaika a mmalinyero wodziwa ntchito anali madola 673 pa mwezi mu 2025, ndipo malipiro a anthu a kuzipinda ndi kukhitchini makampani amawakonza atawerengera kale kuti gorjeta idzakwaniritsa. Ndalamayo imagawidwa, imafika ndi kwa amene simudzawaona: wotsuka mbale, wochapa nsalu zogonera pansi penipeni pa sitima.

Mayi amene ankakonza chipinda chathu anali wa ku Madagascar. Tinkamvana ndi manja ndi Chingerezi chothyokathyoka. Tsiku lina anandionetsa chithunzi cha mwana wake amene anayamba sukulu iye ali panyanja. Ndinakumbuka agogo athu amene ankapita ku Wenela ndi ku minda ya ku Rhodesia, kusiya ana akukwawa n'kuwapeza akuweta mbuzi. Ntchito yake ndi yomweyo, kungoti iyi amavala yunifolomu yoyera.

Ine maganizo anga ndi akuti kampani inayenera kungolipira anthu ake mokwanira, n'kulemba mtengo woona pa chithunzi. Kuitcha gorjeta ndi njira yoti tikiti izioneka yotchipa. Koma mlandu umenewo si wa mayi uja.

Ndingakane kulipira?

Pa makampani ena a ku America mungathe kupita ku resepishoni n'kupempha kuti aichepetse kapena aichotse. Pa ena, ndiponso pamene munalipiriratu pogula tikiti, sizitheka. Usiku wotsiriza mzere wa ku resepishoni umatalika ngati wa pa ATM tsiku la malipiro, ndipo ena mwa oima pamenepo amakhala amene adya katatu pa tsiku, kusinthiridwa matawulo kawiri, lero akuti sanaone ntchito.

Ngati chinachake chalakwika, chipinda sichinakonzedwe kapena wina wakuyankhulani mwachipongwe, kanenani tsiku lomwelo kuti akonze. Kuchotsa gorjeta yonse kumalanga anthu ambirimbiri chifukwa cha mmodzi. Ndipo ngati ndalama ya gorjeta ikukulemerani, ndiye kuti ya ulendowo sinakwane, dikirani chaka chamawa. Walira mvula walira matope.

Tsono ndikafuna kuthokoza munthu mmodzi amene wandisamala bwino?

Apa ndiye pa gorjeta yeniyeni, ya mtima. Sikukakamiza. Anthu ambiri amapatsa wokonza chipinda ndi woperekera zakudya wa pa tebulo lawo madola 5, 10 kapena 20 tsiku lotsiriza, m'manja kapena mu envulopu. Amene wakubweretserani chakudya kuchipinda, dola imodzi kapena awiri akwana. Tengani madola ang'onoang'ono, atsopano, osang'ambika. Marandi amalandira pa maulendo a ku Durban. Mametikali musawapatse, alibe kokawasintha.

Kaputeni ndi maofesala ovala mizere paphewa sapatsidwa gorjeta, angakudabweni. Dokotala chimodzimodzi.

Pali china chosalira ndalama chimene antchito amachifuna kwambiri. Ulendo ukatha kampani imatumiza mafunso pa imelo. Lembani dzina la munthu amene anakuthandizani, monga lalembedwera pa baji yake. Mayina otchulidwa kawirikawiri ndi amene amakumbukiridwa pokweza anthu pa ntchito ndi popereka kontrakiti ina. Ine ndinkajambula mabaji pa foni, nditapempha, kuti ndisaiwale kalembedwe.

Ku bala nako ndisiye kanthu?

Ayi, adula kale. Pa chakumwa chilichonse amaonjezera 15 mpaka 20 peresenti, malingana ndi kampani, ndipo ku saluni ndi kotikita minofu amachitanso chimodzimodzi. Chakumwa cha madola 8 pa 15 peresenti chimakhala 9.20. Pa lisiti pena pamakhala mzere wopanda kanthu woti muonjezere. Mukalembapo ndiye kuti mwapereka kawiri.

Za phukusi la zakumwa, lija mumalipira kamodzi n'kumamwa mmene mungafunire, werengerani moona mtima. Lamulo lake nthawi zambiri ndi lakuti onse a m'chipinda chimodzi agule, ndipo mulipira masiku onse, ngakhale tsiku limene mwaswera kumtunda. Ngati amayi a kunyumba ndi a Chigwirizano kapena a Legio ndipo samwa, phukusi la mowa likhoza kukhala kutaya ndalama. Likakhala lofunika, kugula musanakwere kumatchipirapo. Madzi, tiyi ndi khofi wa pa makina a ku buffet ndi zaulere.

Nanga kumtunda, ku Durban ndi ku Pomene?

Ku South Africa gorjeta ndi mwambo wokhazikika. M'lesitilanti amayembekezera 10 peresenti, ena amafika 15. Wonyamula zikwama pa doko kapena pa hotela, marandi 10 kapena 20 pa chikwama. Mukapita pa galimoto yanu, olondera magalimoto ovala zonyezimira aja nawonso amayembekezera kangachepe.

Ku Pomene ndi ku Inhaca muli kwanu. Chakudya cha masana pa gombe chimachokera pa sitima, koma anthu a m'deralo amabwera ndi nsomba, nkhanu, ma capulana ndi zosemasema, ena amaperekeza alendo kukaona mabwinja a hotela yakale ya ku Pomene. Mitengo amatchula m'marandi chifukwa alendo ambiri ndi a ku Joni. Mukayankhula Chipwitikizi nkhope zimasintha ndipo mtengo umatsika. Nenererani ndithu, koma kumbukirani kuti sitima imabwera miyezi yochepa pa chaka. Mnyamata amene wakuperekezani maola awiri padzuwa, mametikali 200 kapena 300 pamwamba pa mtengo si zambiri.

M-Pesa kapena e-Mola imagwira pa sitima?

Sigwira. Pogula zinthu pa sitima palibe ndalama ya m'manja imene imayenda. Pokwera amakupatsani khadi limene ndi kiyi wa chipinda, chiphaso ndi chikwama chanu cha ndalama. Chilichonse mwagula chimalembedwa pamenepo, m'madola a ku America pa maulendo a MSC a kuno kumwera. Khadilo mumalilumikiza ku khadi lanu la ku banki, kapena mumasungitsa ndalama ya m'manja, yotsala amakubwezerani potsika.

Musananyamuke pitani ku banki yanu, kaya ndi BCI, Millennium bim kapena ina, mukafunse ngati khadi lanu ndi lotsegulidwa kugula kunja, ndiponso malire ake ndi angati. Zaka zapitazi ndalama zakunja zakhala zikusowa m'dziko muno, ndipo malire amasinthasintha. Dziwaninso kuti sitima imatsekereza ndalama ina pa khadi ngati chikole, ndipo pa khadi la débito ndalamayo imatha masiku ingapo isanamasulidwe. Ngati ya basi yobwerera ili pa khadi lomwelo, mudzaima pa siteshoni ya Durban mukuyang'ana kumwamba. Ine ndimalangiza kusungitsa madola a m'manja: akatha, mwatha, ndipo simungapitirire muyeso. Tsiku lililonse yang'anani akaunti yanu pa TV ya m'chipinda kapena pa app, chifukwa kupereka khadi sikupweteka ngati kutulutsa ndalama m'thumba.

Ndigule liti, ndipo mwezi wabwino ndi uti?

Matikiti amatsegulidwa kutatsala chaka kapena kuposa, ndipo ogula msanga amapeza mitengo yabwino ndi zipinda zosankha. Mumalipira chikole, yotsala n'kumaliza kutatsala miyezi iwiri kapena itatu. Ichi chimagwirizana ndi mmene timapezera ndalama kuno. Mlimi wa fodya wa ku Macanga kapena wa mbatata ya kachewere wa ku Tsangano angalipire chikole atangogulitsa, wa xitique (chipereganyu) akhoza kuika mwezi wake wolandira pafupi ndi tsiku lomaliza kulipira. Mitengo yogwa ya mphindi yotsiriza imapezeka, koma ndi ya anthu okhala ku Durban. Inu mukapeza tikiti yotchipa ya mlungu wamawa, ndege ya ku Chingodzi idzadya phindu lonselo.

Pakati pa Disembala mpaka kumayambiriro kwa Januwale ndi nthawi yodula kwambiri, sukulu za ku South Africa zili pa tchuthi, sitima imadzaza ana. Novembala ndi Febuluwale kumatchipa. Koma nyengo yonseyi ndi ya anamondwe m'nyanja ya pakati pa ife ndi Madagascar, makamaka Januwale mpaka Malichi. Sitifunika kuuzidwa: Idai anagwetsa Beira mu Malichi 2019, namondwe Ana anadula mlatho wa Revúbuè mu Januwale 2022, Freddy anabwera kawiri mu 2023. Ku Pomene ndi ku Ilha dos Portugueses kulibe doko. Sitima imaima patali, anthu n'kumatengedwa pa timaboti. Nyanja ikakwiya kaputeni amaletsa kutsika, ndipo pangano limene munavomera limamupatsa mphamvu yosintha njira popanda kukubwezerani tikiti. Pitani ndi mtima woti sitimayo ndiyo ulendo, gombe ndi basela.

Werenganinso za kulephereka. Mukasintha maganizo kutatsala nthawi yaitali mumataya pang'ono, kukayandikira mumataya zonse. Maliro sapangana, ndiye funsani ngati inshuwalansi yanu imabweza pa imfa kapena matenda a m'banja, ndipo "banja" kwa iwo limathera pati. Kwa ife amalume ndi kholo, kwa a inshuwalansi mwina ayi.

Ndigule kwa ndani? Pali wina pa WhatsApp akuti ali ndi malo otchipa.

Gulani pa tsamba la kampani yeniyeniyo, kapena ku agência de viagens yokhala ndi ofesi yoti mungaloze ndi chala. Ubwino wa agência ndi wakuti ena amalandira mametikali ndipo amakulumikizirani ndege. Mukalipira akupatseni nambala ya buking'i, ndipo tsiku lomwelo ilowetseni pa tsamba la kampani muone ngati dzina lanu likutuluka. Munthu wofuna kuti mutumize ndalama ku nambala yake ya foni, amene akuti malo atsala awiri mulipire lero, musiyeni. Safunsa anadya phula. Omwewonso ndi amene amalonjeza achinyamata ntchito ya pa sitima akalipira ya fomu.

Mapepala ofunika ndi ati?

Pasipoti, osati BI (chiphaso cha unzika), ngakhale sitima ikupita ku Inhambane, chifukwa mukulowa ndi kutuluka South Africa. Ikhale yotsala ndi miyezi yosachepera 6 kuchokera tsiku lobwerera, ndi masamba opanda chidindo. Ngati mulibe, yambani ku Migração musanalipire chikole. Mzika ya Mozambique imalowa ku South Africa popanda viza kwa masiku 30. Réunion ndi chilumba cha dziko la France, choncho ulendo wodutsa kumeneko funsani za viza poyambirira penipeni, ngakhale mutati simudzatsika.

Dzina pa tikiti lifanane ndi la pa pasipoti chilembo ndi chilembo. Ife a m'malire timadziwa vuto lake: kutchalitchi ndinu Mbewe, pa chiphaso analemba Mbeue, ndipo mayina ndi anayi. Musalembe mmene mumadzitchulira, koperani pa pasipoti. Kusintha dzina pambuyo kumalipiritsa. Mwana amene akupita ndi kholo limodzi kapena ndi azakhali ake akhale ndi chikalata chobadwira ndi kalata ya chilolezo ya makolo yodindidwa kwa notário.

Chipinda chabwino ndi chiti?

Cham'kati chopanda zenera ndiye chotchipa, ndipo pa ulendo wa masiku atatu n'chokwanira, mumangogonamo. Muli mdima wa bii ngakhale masana, ikani alamu. Kenako pali cha zenera losatseguka, cha khonde, ndi masuite. Ngati mumachita chizungulire pa chapa (minibasi) yokwera mapiri a ku Zóbuè, sankhani chapakati pa sitima, chapansi, pamene sipagwedezeka kwambiri. Nyanja ya kumpoto kwa Durban ili ndi mkokomo wamphamvu wa madzi wotchedwa Agulhas, ndipo usiku woyamba ambiri amaudziwa. Gulani mapiritsi a chizungulire ku farmácia, mumwe sitima isananyamuke. Pewani chipinda chimene chili pansi pa disiko kapena pansi pa buffet.

Ana ndi amayi oyembekezera?

Makampani ambiri salola mayi amene mimba yake ifike milungu 24 ulendo usanathe, ndipo amafuna kalata ya dokotala. Makanda osakwana miyezi 6 ambiri sawalola. Nthawi zina amatsatsa kuti ana akwera ulere akagona ndi makolo, koma ndalama zokakamiza zija amalipirabe.

Ndifike liti ku Durban?

Dzulo lake, osati tsiku lomwelo. Sitima si chapa yoti cobrador aziti dikirani pali wina akubwera. Ikakwana nthawi amachotsa makwerero, ndipo wochedwa sabwezeredwa kanthu. Ndege zathu mukuzidziwa, ndipo machimbombo a pa EN1 amafika pamene afikira. Wa pa msewu aike masiku awiri apadera. Chitsegulireni mlatho wa Maputo-Katembe mu 2018, njira ya ku Ponta do Ouro yafupikitsa ulendo wa ku Durban, koma chipata cha m'malire cha kumeneko onani maola ake, ndipo mu Disembala zipata zonse zimadzaza.

Mukakwera, sitima isananyamuke pamakhala phunziro la chitetezo, kukuonetsani jekete yoyandamitsa ndi malo anu osonkhanira. Musalizembe. Lamulo loti lichitike ulendo usanayambe linakhwima Costa Concordia itagunda mwala ku Italy mu Januwale 2012, n'kufa anthu 32. Kumtundanso sungani nthawi ya boti lomaliza, potsata wotchi ya pa sitima.

Foni igwira?

Igwira, ndipo ndi pamene ine ndinapsa. Sitima ikatalikira gombe, foni imalumikizika ku netiweki ya setilaiti ya pa sitima, yodula koopsa. Ndinaiwala kuzimitsa deta usiku woyamba, magulu a WhatsApp a kusukulu ndi kutchalitchi n'kumatsitsa mavidiyo ine ndili mtulo. Kutacha crédito yense amene ndinasungira ulendo wonse anali atapita. Ikani foni pa chizindikiro cha ndege mukangokwera. Wi-Fi ya pa sitima ndi yogula. Chokoma n'chakuti mukafika pafupi ndi Inhaca nambala yanu ya kwathu imatha kugwira pa mtengo wa masiku onse, anzanu a ku Joni akulira ndi roaming.

Kuli nsima? Ndingatenge zanga?

Musadalire nsima. Mpunga, mbatata, buledi, pasta, nyama, nsomba ndi zipatso zilipo zosatha, ndipo masiku anayi munthu safa. Mowa wanu, ketulo, simbi ndi mipeni amalanda pa chipata. Kabotolo ka piripiri ine ndinadutsa nako. Pamakhala usiku umodzi wotchena, ndipo malaya kapena diresi ya capulana yosokedwa bwino imaposa masuti onse m'chipindamo.

Ndalama zimenezi ndilibe. Palibe zapafupi?

Zilipo, kungoti si za damu padenga. Nyanja ya Cahora Bassa ndi yotalika makilomita pafupifupi 250, kuchokera ku Songo kukafika ku Zumbo, ndipo malo ogona alendo a kufupi ndi damu ali ndi maboti otengera anthu kukawedza mcheni kapena kukaona dzuwa likulowa pakati pa mapiri. A ku Angónia ali pafupi ndi Ilala, imene yakhala ikuyenda pa nyanja ya Malawi kuyambira 1951, kunyamuka ku Monkey Bay kudzera ku Likoma mpaka kumpoto. Imeneyo ndi sitima ya anthu ndi matumba a ufa, koma ili ndi zipinda zogona, ndipo nthawi yake muifunse mlungu womwewo chifukwa imapita kokonzedwa.

Kumeneku palibe amene adzakuduleni gorjeta pa khadi. Woyendetsa boti pa Cahora Bassa mumamupatsa m'manja pobwerera, osati kusiya ku ofesi, ndipo ngati ali ndi mnyamata womuthandiza mupatseni yake payekha. Gwirizanani mtengo musanakwere, mufunse ngati mafuta ali momwemo, muwerenge majekete oyandamitsa ngati akukwana anthu onse, ndipo dzanja lisalendewere m'madzi, muli ng'ona.